Dzina la Malawi m'sitolo ya chamba ku Toronto

Chimene chinandilowetsa m'sitolo imeneyo chinali kuzizira. Unali mwezi wa January, ndipo sitima yamagetsi yoyenda mumsewu imene ndinakwera inafera pa Queen Street West, mumzinda wa Toronto ku Canada, tonse n'kutiuza kuti titsike. Jekete limene ndinagula pa kaunjika ku Limbe silinaphule kanthu. Zala zinachita dzanzi, makutu akuwawa ngati wina akuwacheka ndi lezala. Ndinangokankha chitseko choyamba chimene ndinapeza, cha magalasi ophimbidwa, ndikuyesa kuti amagulitsamo mafoni.

Mayi wina wachikulire anandiimitsa pakhomo n'kundipempha chiphaso, chifukwa m'chigawo cha Ontario munthu wosakwana zaka 19 saloledwa ngakhale kulowa kumene. Nditatulutsa pasipoti anaiyang'anitsitsa, kenaka anamwetulira. "Bambo, kani mwachokera kwawo kwa Malawi Gold?" Ankanena chamba chotchuka cha kwathu. Ndinagwidwa manyazi, ndipo ndinawauza kuti ine sindisuta, ndangothawa mphepo. Sanakhumudwe ayi. Anandikokera mpando pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, anandithirira tiyi wa m'fulasiki yawo, ndipo poti kunalibe kasitomala ngakhale mmodzi, tinacheza pafupifupi ola lathunthu.

Sitoloyo inali yaukhondo ngati famase. Katundu yense anali m'mapaketi omata, okhala ndi chidindo cha msonkho ndiponso chizindikiro chofiira chochenjeza za THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba. Paketi imene anandionetsa, ya magalamu 3.5, inali pa madola 25 a ku Canada msonkho wa 13 peresenti usanawonjezedwe, ndipo saloledwa kugulitsa magalamu oposa 30 kwa munthu mmodzi pa ulendo umodzi.

Ine ndinkaganiza kuti eni masitolo otere ndi ampondamatiki, koma nditanena zimenezi mayiwo anapukusa mutu. Dziko la Canada linavomereza chamba chosuta pa 17 October 2018, ndipo masitolo oyamba a ku Ontario anatsegulidwa mu April 2019, ziphaso 25 zokha zitagawidwa mwa mayere. Boma litamasula chiwerengero, masitolo anamera ngati bowa mpaka kupitirira 1,500 m'chigawo chimodzichi. Onsewa amapikula malo amodzi, ku Ontario Cannabis Store ya boma, ndipo lamulo limawapana kwambiri pa nkhani yotsatsa malonda, moti chimene chatsala ndi kupikisana potsitsa mitengo pamene lendi ikungokwera. Ngakhale makampani akuluakulu apunthwa: Fire & Flower inathawira kukhoti mu 2023 kuti itetezedwe kwa angongole, ndipo Tokyo Smoke inatsatira mu 2024. Poloza tsidya la msewu, mayiwo anandionetsa sitolo ina yotsekedwa, mapepala atamatidwa pa mawindo, ndipo mawu awo anatsika.

Chimene chikundivutitsabe mpaka lero ndi dzina lija. Mayi amene sanapondepo m'Africa amalitchula mwaulemu, pamene mlimi wa kumapiri a ku Nkhotakota, kumene chamba chimenechi chinatchukira, amalima mobisala ndipo akagwidwa amathera m'manja mwa apolisi. Kwathu lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, osati chosuta, koma chiphaso cholimira cha mankhwala chinaikidwa pa madola 10,000 a ku America. Ndi mlimi uti wa kumudzi angazipeze ndalama zimenezo? Sindikufuna kuti achinyamata athu azisuta, poti ndaona mabanja akulira chifukwa cha chamba, komabe zimandiwawa kuti mbiri ya mbewu yathu ikudyetsa ena.

Kwa inu amene mudzapite kumeneko, musadzayerekeze kutenga ngakhale kachidutswa pokwera ndege yobwerera, chifukwa kutuluka nacho m'dziko la Canada ndi mlandu ngakhale mutagula movomerezeka. Ndipo magolovesi mudzagule tsiku loyamba lomwe. Anga anandipatsa ndi mayiwo, akale a amuna awo, basi yolowa m'malo mwa sitima ija itafika.