Lachiwiri: kanjira ka kuseri kwa chigayo

Mvula inagwa usiku wonse, ndiye m'mawa ndisanatulutse njinga ndinayamba ndatsegula mapu pa foni. Ndimafuna kukasiya thumba la ufa kwa azakhali ku Area 49 kuchokera kuno ku Area 25 mu Lilongwe, koma osadzera mumsewu waukulu wa M1. Malole a ku Kanengo akamakudutsa mphepo yake imakukankhira m'ngalande, makamaka ukasenza katundu pa kaliyala.

Ndinadina kachizindikiro ka njinga. Mzere wabuluu unatuluka bwinobwino, ukulambalala msewu waukulu, n'kundiuzanso mphindi zoti ndifika. Mtima unakhala pansi.

Nditayenda ndithu, mzere uja unanditsitsira kukhwawa. Pa foni panali njira yodutsa, koma pamaso panga panali madzi ofiira akuthamanga, atanyamula mapesi ndi majumbo. Matope anali atadzaza kale m'madigadi mpaka tayala lakutsogolo kukana kuzungulira. Ndinatsika n'kuyamba kukolokosa ndi kamtengo.

Apo m'pamene anandipeza bambo wina wakabaza, thalauza atapinda mpaka m'mawondo.

“Achimwene, pamenepa nthawi ya dzinja sitiwolokapo. Bwererani pang'ono, mukhote kuseri kwa chigayo, pali mlatho wa mitengo.”

Ndinawaonetsa foni. Anayang'anitsitsa, n'kuloza ndi chala pamalo poyera, popanda mzere uliwonse. “Uli apa.” Ananditsogolera osandilipiritsa kanthu, ndipo ufa unafika wouma.

Madzulo ano nkhaniyi inandikhalabe m'mutu. Pulogalamu ya mapu ikamasankha njira ya njinga imawerengera zomwe munthu wina analemba pa msewu uliwonse: ngati ndi wa phula kapena wa fumbi, ngati uli ndi mtunda, ngati powolokera pali mlatho kapena ndi pongoponda m'madzi. Pamene palibe amene analembapo, iyo imangolumikiza mizere. Kanjira komwe akabaza amadutsamo tsiku ndi tsiku kwa iyo kulibe. Zimandipweteka, chifukwa kuno njinga ndiyo imanyamula makala, odwala ndi ana a sukulu, ndipo odziwa njira zenizeni ndi anthu amene sanafunsidwepo n'komwe.

Ndiye ndalowa pa OpenStreetMap, mapu omwe anayamba mu 2004 ndipo aliyense akhoza kuwonjezerapo zomwe akudziwa kwaulere. Ndatsegula akaunti, ndayang'ana chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba mpaka ndapeza denga la chigayo chija, n'kujambula kanjirako pang'onopang'ono. Ndalemba kuti ndi kadothi, ndaika mlathowo, ndipo pakhwawa paja ndalemba kuti ndi powolokera m'madzi. Bandulo yanga ya intaneti yathera pomwepo.

Loweruka ndibwererako ndi foni itayatsa GPS, yomwe imasonyeza pamene munthu ali, kuti ndione ngati mzere wanga wagwera pamalo pake. Ndikawapezanso bambo aja pa siteji, ndiwafunsa njira yomwe amadzera popita kumsika mvula ikagwa.