DVD ya madisiki asanu yandidyera sabata

Ntchito zambiri sabata ino zinali zachizolowezi: ma TV ofa backlight (nyali zowalitsa sikirini), madikoda olowa madzi, mawailesi otupa ma capacitor (tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi). Magetsi akazima timangokhala pakhonde, poti jenereta ya pashopu inafa kalekale ndipo abwana nkhani yake safuna kuimva.

Chandipsetsa mtima ndi DVD yakale ya Sony, ija ya mbale yozungulira yolowa madisiki asanu nthawi imodzi. Anabwera nayo bambo ena achikulire Lachiwiri, akuti mwana wawo anawatumizira kuchokera ku America pamodzi ndi amplifaya ndi masipika ake. Kumbuyo kwalembedwa poyera kuti 120V, 60Hz, magetsi a ku America ochepa mphamvu kuposa athu, koma iwo anangodula pulagi n'kulumikiza pa 230V yathuyi. Fyuzi inapsa, capacitor yaikulu ya pa power supply (gawo lolandira magetsi) n'kuphulika. Ine ndisanamasule n'komwe chivundikiro, abwana anali atalandira kale ndalama n'kulonjeza kuti Lachinayi adzaitenge.

Nditapempha ndalama ya zipangizo, yankho linali lomwe lija: "Fufuzani m'mabodi akale, amisiri." Ndinafufuzadi mpaka kupeza. Thiransifoma yotsitsa mphamvu ndinachita kukabwereka kwa mnzanga ku Limbe, shopu yonseyi ilibe. DVD ija itayaka, thireyi yoikapo madisiki osatuluka, lamba atasungunuka ngati phula. Anzanga mukudziwa kuti mtundu umenewu ukangophonya dzino limodzi pa giya, mbale imaima pakati pa madisiki awiri, makina n'kumangozungulira osapeza poyambira. Lachitatu lonse linathera pamenepo. Lens (kagalasi kowerengera disiki) ndinangoipukuta, laser (kuwala kowerenga disiki) ikadali yamphamvu ndithu. Zakalezi ankapanga zolimba.

Lachinayi bambo aja anabwera ndi mafilimu awo ogula ku Joni, makina n'kuwakana onse. Palibe chodabwitsa: ma DVD amagawidwa m'zigawo za dziko lapansi zotchedwa Region, ndipo makinawo ndi a Region 1, a NTSC (kaonetsedwe ka zithunzi ka ku America), pomwe madisiki a ku South Africa ndi a Region 2, a PAL (kaonetsedwe ka kuno). Zimenezi ndinawauza abwana tsiku loyamba lomwe kuti awachenjeze eni ake, koma anaopa kubweza ndalama. Pamaso pa kasitomala anangoti, "Mmisiri wathu sanamalize ntchito."

Sindinayankhe. Ndinaika ma CD a nyimbo asanu, onse anaimba motsatizana bwinobwino, kenako ndinawafotokozera bambo aja ndekha za Region ndi kuti asayerekeze kuyatsa popanda thiransifoma. Anamvetsa, ananyamula katundu wawo. Ndalama ya minibasi yokabweza thiransifoma ku Limbe yatuluka m'thumba mwanga, ndipo mpaka Loweruka abwana sanaitchule.