Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: tsiku lomwe nyanja inalowa mu injini

Mu gawo lapita lija ndinasiyira pomwe mayi anandikweza basi ya ku Monkey Bay mayeso a fomu 4 atandikanika, kuti ndikakhale kwa amalume ndikaphunzireko ntchito ya manja mmalo momangotha tsiku pa bawo ndi anzanga. Chinali chaka cha 2003 chimenecho. Ena mwakhala mukundifunsa za chipsera chili padzanja langa lamanjali eti ngati ndinamenyana ndi munthu kkkk ayi ndithu, inandimenya ndi hendulo ya injini, nde lero ndikambe imeneyo.

Amalume anali makaniko wa ma injini a dizilo, ali mnyamata anagwirapo mu sitima zapanyanja kenako anasiya nkumangoyendera yawo, lero chigayo, mawa pampu ya madzi, mkuja boti la asodzi. Munthu wosayankhulayankhula, ukafunsa funso lopusa amangokuyang'ana mpaka uyankhe wekha. Koma ikakhala nkhani ya sitima ndiye pakamwa pamatseguka. Sabata yanga yoyamba ananditenga kukaona Ilala ikukocheza nkundiuza kuti sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa nkudzalumikizidwa konkuno ndipo inayamba kuyenda mu 1951, iwe mayi ako asanabadwe. Kenako anandilozera Chauncy Maples yomwe nthawi imeneyo inali itangokhala padoko osayenda, yopangidwa ku Glasgow mu 1899, akuti inabwera mu zidutswa 3,481 ndipo boila yake yokha inali ya matani 11 anthu anachita kuikoka pamtunda. Dzinalo ndi la bishopu wa Anglican yemwe anamira mnyanja momwemu mu 1895. Ine ndinkangogwedeza mutu, maganizo anga anali pa usipa wokazinga omwe amayi ena ankagulitsa chapafupi.

Patapita miyezi ngati itatu kunabwera ntchito yomwe amalume anaikonda kuposa zonse. Bwana wina yemwe anali ndi malo ogona alendo ku Chembe anagula boti lakale la matabwa lomwe linakhala pagombe zaka zambirimbiri ana akuseweramo chibisalirano, ankafuna alikonze lizinyamula alendo kupita ku zilumba za Thumbi ndi Domwe. Aliyense anamulangiza kuti bwana chotsani chitsulo chakufacho mumangepo Yamaha kumbuyo nkhani ithe, iye kukana, akuti akufuna injini yake yomweyo ilire. Asodzi ankaseka kuti azungu ndalama zikawachulukira amagula mavuto. Nanenso ndinkaona choncho, panopa ndinasintha maganizo koma tisathamange.

Injiniyo inali Lister ya masilinda awiri, mtundu wa JP2, yopangidwa ku Dursley ku England. Nditangoona dzinalo ndinati aa iyi nde ya chigayo amalume, imeneyi ndiiziwa, paja kwathu chigayo cha pa sitolo chinali cha Lister chomwe. Anandiyang'ana kuyang'ana kuja. Kunena zoona mbali ina sindinalakwe, banja lake ndi limodzi, chigudumu cholemera chija, kuliza ndi hendulo, timaliva totsegula ma valavu kuti injini izungulire mopepuka, ngakhale kachitsulo komanga ndi dzanja kaja komwe umamanga poliza nkumasula injini ikatentha kanaliponso. Kusiyana kwake kunali pa madzi ndi pa utsi, ndipo ndi pomwepo pomwe ndinagwera.

Ku chigayo zinthu nzosavuta. Madzi oziziritsa amakhala mu migolo pambali, otentha amakwera okha ozizira nkutsika, utsi umangotuluka pa paipi yoboola khoma, pho pho pho mudzi wonse nkudziwa kuti chigayo chatsegula. Mu boti la matabwa paipi yotentha choncho ikhoza kuyatsa boti lonse, nde chomwe anachita mu boti limeneli nchoti madzi amachokera mnyanja momwemo kudzera pa kabowo kapansi pa boti komwe kali ndi kampopi kotseka, amadutsa pa sefa, pampu ya Jabsco yokhala ndi kampira ka mapiko mkati imawakankha azungulire injini, akatentha amakawathira mu ekizozi momwemo pa chitsulo chopindika chomwe amalume ankachitcha chigongono. Pamenepo madzi ndi utsi zimasakanikirana, utsi umazizira moti kuchoka apo paipi imatha kukhala ya mpira osapsa, zimatsikira mu kamphika kokhala pansi, kenako paipi imakwera mmwamba nkupindika ngati khosi la kakowa kuti mafunde asalowe chakumbuyo, nkutsika kukatulukira kumbuyo kwa boti. Chokankha madzi onsewo kuti akwere khosi lija ndi utsi basi, palibenso china. Musaiwale pamenepa.

Injini yeniyeniyo titaimasula tinaipeza ili bwino modabwitsa, ma ring ndi ma gasiketi basi ndi kupala ma valavu. Amalume anati mwayi wake ndi woti nyanja yathuyi madzi ake alibe mchere, ikanakhala ku Beira dzimbiri likanaidya kalekale. Koma chigongono chija mmm. Kunja chimaoneka chabwinobwino, chitsulo chokhuthala ngati cha mphika wa miyendo itatu, koma mkati mwaye ndi dzimbiri zinali zitatseka mpaka kabowo kotsala kamangolowa chala chimodzi, atachigogoda ndi sipanala chinangoyoyoka ngati chigumu cha dzana. Anandifotokozera kuti mu dizilo muli salufa, utsi wake ukakumana ndi madzi pamapangika asidi, nde malo amenewo amadyeka chamkati ngakhale madzi akhale abwino chotani.

Kusaka china kunali kuyenda. Tinapita ku Limbe sitolo ndi sitolo, zipangizo za Lister ya chigayo zinali mbwee, zambiri zochokera ku India komwe amapanga ma injini otengera Lister yemweyo, koma ukangotchula za boti wogulitsa amangopukusa mutu. Bwana uja anafunsa ku England, mtengo wake ndi miyezi yodikira anangoti basi pangani nzeru zina. Tinathera ku Ndirande kwa owotcherera, amalume atajambula pa katoni ya sopo. Mnyamata wake anali waluso ndithu, anadula mapaipi okhuthala a madzi nkuwotcherera bwinobwino koma kapaipi kolowetsa madzi anakaika choongoka chapamwamba pafupi ndi pomangira ku injini, amalume anati ayi dulanso, katsike kupitirira chikhatho ndipo kapendeke kaloze komwe utsi ukupita, madzi asayang'ane ku injini olo pang'ono. Anakangana pafupifupi ola lathunthu pa kapaipi kotalika ngati chala, ine njala ikundipweteka ndikungoti akuluakuluwa bwanji kodi, si madzi omwewo.

Tinamanga zonse, boti analimata nkulikankhira mmadzi kuti matabwa afufume, tinangotsala kuliza. Usiku wake kunabwera uthenga wa maliro ku Nankumba, mmawa amalume ponyamuka anandiuza mawu atatu okha, usakhudze injini imeneyo. Ndinati chabwino amalume muyende bwino.

Pofika cha mma 10 ndinali mu boti hendulo ili mmanja. Pagombe panali anyamata a chilimira akusoka ukonde, panalinso mtsikana wina yemwe ankabwera kudzatsuka mbale cha pomwepo, ameneyo nkhani yake ibwera mtsogolo, nde ndinkafuna amalume pobwera apeze injini ikulira anthu onse akudziwa kuti wailiza ndi ine. Ndinatsegula kampopi kapansi kaja monga ndinaonera, ndinakweza timaliva, kupukusa, kugwetsa liva, zii. Kupukusanso, zii. Chomwe sindinkadziwa nchoti mu mapaipi a dizilo munali mpweya, dizilo samafika nkomwe, bola ndikanayamba ndachotsa mpweyawo. Ine ndimangoti mwina mphamvu zikuchepa nde ndimapukusa nthawi yaitali timaliva tili mmwamba, thukuta kamukamu, anyamata aja akukuwa kuti limba mphwanga limba. Kupukusa kulikonse pampu ija imatunga madzi nkuthira mu chigongono, utsi woti uwakankhe kulibe. Kamphika kanadzadza, paipi inadzadza, madzi anakwera chobwerera mpaka anakalowa mu silinda kudzera pa valavu ya utsi, ine osadziwa kanthu.

Ulendo womaliza ndinapukusa ndi mtima wonse gudumu likuthamanga bwino, ndinagwetsa liva. Chomwe ndinamva ndi gu, ngati wina wamenya boti ndi chinyundo pansi, injini inaima nji pomwepo, hendulo inabwerera nkundisenda dzanja apa mpaka ndinakagwera pa matabwa. Magazi anali ambiri kuposa bala lake. Pagombe ponse kuseka kunatha, mtsikana uja ndi amene anang'amba kansalu nkundimanga, nde musati zonse zinaipa tsiku limenelo.

Amalume anafika mawa lake madzulo. Anaona dzanja langa, anaona hendulo ili pomwe sanaisiye, sanafunse kanthu. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyilo yense ali ngati tiyi wa mkaka. Anamasula ma injekitala onse awiri, tizitsulo tothira dizilo mu silinda, nkuzunguza gudumu ndi manja, madzi anathovoka pa bowo limodzi mpaka kundinyowetsa kumaso. Mpamene anayankhula. Anati iwe, mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika, pisitoni ikawapeza pamwamba chimodzi chimayenera kugonja ndipo sakhala madziwo. Ikanakhala kuti silinda inayo yagwira moto nthawi yomweyo bwenzi kondirodi, chitsulo chogwira pisitoni, itapindika ngati nthochi, ndipo ya injini iyi ukanakaigula kuti? Ndinangoti pepani amalume ndalakwa. Anati chigayo ukachilakwira chimangozima, boti limakumiza. Usiku umenewo nsima sinatsike.

Tinatsegula pamwamba nkuyeza ma pisitoni onse awiri ngati akufika mofanana, mwamwayi palibe chinapindika. Oyilo tinasintha katatu mpaka anayera, ndalama yake anandidula pa kangachepe komwe ankandipatsa, miyezi iwiri ndinalibe olo ya sopo. Amalume anaonjezeranso kanthu kena, paipi ya madzi yopita ku chigongono anaikweza mmwamba nkuika kavalavu kolowetsa mpweya pamwamba pake, poti injini inakhala motsika pafupi ndi mulingo wa nyanja ndipo madzi akhoza kumayenda okha ngati mmene timapopera petulo mu chigubu ndi paipi, injini ili chizimire. Ndipo anandiphunzitsa lamulo lomwe mpaka lero ndimauza anyamata anga, injini ikakana kulira tseka kampopi kapansi, uzitsegula ikangolira.

Tsiku loliza lenileni anachotsa mpweya mu mapaipi, anamanga tizitsulo tija, anandipatsa hendulo ine ndemwe dzanja lili ndi bandeji. Kupukusa kasanu ndi kamodzi, anagwetsa liva, inatsokomola kamodzi nkuyamba dugu dugu dugu pang'onopang'ono ngati mtima wa ng'ombe, anatsegula kampopi ndipo kumbuyo kunayamba phwa, phwa, madzi akutuluka ndi utsi. Abale kulira kumene kuja nkosiyana ndi Yamaha, Yamaha imalira ngati udzudzu waukulu pomwe iyi umatha kucheza ndi mnzako osakuwa. Mpamene ndinamvetsa chomwe bwana uja ankafuna, ngakhale ndimaonabe kuti asodzi aja sanalakwe, munthu wofuna usipa wa mawa sangadikire chigongono cha ku Ndirande.

Ulendo wokapereka boti ku Chembe amalume sanandilole kukhala pafupi ndi injini. Anandikhazika kumbuyo kwenikweni nkuti ntchito yako ndi kuyang'ana madzi akutulukawo, ukaphethira ndikuponya mnyanja. Maola onse aja anzanga akuona mapiri ndi nkhwazi ine maso ali pa kapaipi. Tikulowa pa Ilala Gap, pampata wopapatiza uja pakati pa Domwe ndi kumtunda, kulira kunasintha, phwa phwa uja anasiya nkukhala pho pho wouma ngati chigayo cha kwathu, ndinakuwa amalume madzi asiya! Anazimitsa nthawi yomweyo. Kampweya ka mwera kanali katayamba ndipo miyala inali pafupi, wina anagwira nkhafi kuti tisakankhidwire ku miyalako, amalume anatseka kampopi nkutsegula sefa, munali jumbo ya buluu itadzadza thothotho. Tikanayenda mphindi zochepa chabe kampira ka mu pampu kakanapsa poti sikafuna kuzungulira pouma, kenako paipi ya mpira ija. Anachotsa jumboyo, anandiponyera pamiyendo, tinaliza nkupitiriza. Sananene kuti wachita bwino, amalume sankanena zimenezo, koma titafika ku Chembe anandigulira Fanta ndi mandasi awiri ndipo pobwerera pa matola anandiuza kuti sabata ya mawa kuli injini ina ku Nkhata Bay, tikwera Ilala, utenge masipanala ako. Aka kanali koyamba kumva kuti ndili ndi masipanala anga.

Za ulendo wa pa Ilala umenewo ndi mmene ndinasanzira kuchoka ku Nkhotakota mpaka ku Likoma ndikamba mu gawo 7, dzanja latopa kutaipa pa foni.