Ka sikopu ka amalume kanandichititsa manyazi pa mamita 300

Loweruka lapitali amalume ananditenga ku renji, malo oyeserera kuombera mfuti, iwo amagwira ntchito pa famu ina ya nyama kunja kwa Harare ndiye mfuti ndi gawo la ntchito yawo, mapepala a ku polisi ali nawo onse, musayambe kundifunsa zambiri. Ine ndinadzuka mmamawa ku Mabvuku kukwera kombi, mtima uli mmwamba chifukwa anali atagula sikopu yatsopano, kagalasi koyikira pa mfuti kokuza chithunzi cha tageti, ya 3-9x40 (zoom yake ndi kuyambira 3 mpaka 9), ija amati BDC, yothandiza kuyeza kugwa kwa chipolopolo, ndipo anandilonjeza kuti ndiombera nawo.

Mukasuzumira mkati mwake mumaona mtanda wapakati, kenako pansi pake timizere tingapo totsika. Nkhani yake ndi yoti chipolopolo chikangotuluka mu mpope chimayamba kugwa, dziko limachikokera pansi ngati mmene limakokera mango. Mfuti ya amalume ndi .308, anaiseta kuti pa mamita 100 izimenya pakati penipeni, koma pa 300 chipolopolo chomwecho chimakhala chatsika masentimita pafupifupi 40, pa 500 chadutsa mita ndithu. Ndiye timizere tija ndi toti usamachite kuganizira kuti ndikweze bwanji, ungoika kamzere koyenera pa tageti basi. Ena amachita kupotokola ka tareti kapamwamba kolembedwa manambala, monga CDS ya kampani ya masikopu ya Leupold, koma ya amalume ndi ya timizere.

Pa 100 ndinamenya bwino, zitatu zonse pafupi pafupi, mpaka ndinayamba kuyerekedwa. Tafika pa 300 ndaika kamzere kake, ndapuma bwinobwino, phaa! Tageti yoyera mbee. Kachiwiri chimodzimodzi, fumbi likungobuka pamwamba pa bolodi. Amalume akungoseka chamumtima, kenako akuti "mphwanga, tayang'ana ka ringi ka zoom kali pa chani". Kanali pa 5. Ndinali nditabweza kuti ndizione tageti mosavuta.

Apa ndi pamene anandifotokozera, ndipo pa bokosi zinalembedwa mwa timalemba tating'ono kwambiri. Masikopu ambiri otchipirapo ndi a second focal plane, kutanthauza kuti ukamasintha zoom chithunzi chimakula kapena kuchepa koma timizere timakhala momwemo. Ndiye timanena zoona pa zoom imodzi yokha, kawirikawiri yomaliza, kwa ife 9. Ukabweza pa 5 mpata wa kamzere kalikonse umaphimba malo aakulu pa tageti, mfuti umaikweza mopyola, nchifukwa chake ndimaombera mitambo. A first focal plane timizere timakula limodzi ndi chithunzi ndiye vutoli kulibe, koma mtengo wake eee, ma USD ake mungagule mbuzi zingapo.

Nditabwezera pa 9 zinalowa pa pepala, komabe pamwamba pang'ono. Amalume sanadabwe olo. Akuti timizere timenetu a fakitale anatiyeza ndi chipolopolo chawo, cholemera mwakuti, chothamanga mwakuti, mu mpweya wawo. Iwe ukaika cholemera 180 grain pomwe iwo anayezera chopepukirapo, kapena mpope wako ndi waufupi, manambala asintha kale. Komanso Harare ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya kuno ndi wopyapyala ndiye chipolopolo sichibwezedwa kwambiri, chimagwa mochepa kusiyana ndi ku Beira, komwe ndi m'mphepete mwa nyanja. Kukatentha mu Okutobala zimaonjezekeranso. Za mphepo yammbali sindiyamba nkomwe, timizere totsika sitikuthandiza chilichonse pamenepo.

Chimene chinandisangalatsa ine ndi ka pepala kamene amalume anamata ndi selotepi pa chitako cha mfuti. Analemba ndi bolopeni, kamzere koyamba mamita akuti, kachiwiri akuti, manambala osakhala round ayi, oti anachita kuombera okha mtunda uliwonse nkumayeza ndi rangefinder, kachipangizo koyezera mtunda. Akasintha mtundu wa zipolopolo amakang'amba nkuyambiranso. Ndinawafunsa ngati amaomberadi nswala pa 500, anangopukusa mutu, akuti nyama yamoyo sapyola nayo 250, kuopa kuivulaza nkumaisaka tchire lonse mpaka usiku.

Zipolopolo 12 zinapita tsiku limenelo, zisanu zinathera mu fumbi chifukwa cha ine, ndipo amalume akuti ulendo wina bokosi ndigula ndekha. Phewa likadawawabe mpaka lero.