Loweruka: laisensi ya mnyamata wanga ndi malire a Michigan

Kunacha kotentha kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo nkhani ya galimoto inabuka tiyi asanaphikidwe n'komwe. Mnyamata wanga wa zaka 16 anatenga laisensi mwezi wathawu. Lero amafuna kupita kugombe la Silver Beach ku St. Joseph, koma adzere ku Niles kukatenga mnzake wa kutchalitchi. Malo awiriwa ali m'chigawo cha Michigan, ndipo Niles ndi pafupi ndithu, mamailosi ngati 10 kuchoka kuno.

Lamulo la Indiana amalidziwa bwino. Masiku 180 oyamba saloledwa kunyamula anzake, pokhapokha pampando wakutsogolo pakhale munthu wamkulu wa laisensi, wa zaka 25 kapena kuposa. Abale ake a m'banja, monga achimwene ndi achemwali ake, ndiye angakwere popanda wamkuluyo. Saloledwanso kuyendetsa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Koma iye anali atalingalira kale zake. Anati, "Amayi, ku Michigan amalola kunyamula mnzako mmodzi. Ine ndichoka kuno ndekha, mnzangayo akwera nditadutsa kale malire."

Ndinamumvetsa, poti mnzakeyo amachitadi zimenezo. Laisensi ya achinyamata ya ku Michigan, yotchedwa Level 2, imalola mnzako mmodzi wosakwana zaka 21. Koma ndinamuuza kuti, "Mwanawe, laisensi ili m'thumba mwakoyo inakupatsa ndi Indiana, ndipo inabwera ndi malamulo ake. Chikwangwani cha pamalire sichiisintha kukhala ya Michigan."

Ife amene tinakulira ku Malawi izi zimatizunguza mutu, chifukwa kwathu lamulo la pamsewu ndi limodzi kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Kuno chigawo chilichonse chili ndi ake. Komabe chimene chinandilimbitsa mtima si mantha a apolisi ayi. Wachinyamata amene wangoyamba kuyendetsa akakhala ndi anzake m'galimoto, ngozi imachuluka: nkhani zimakoma, nyimbo zimakwera, maso amachoka pamsewu. Msewu wa US 31 ndi wothamanga mbali zonse ziwiri za malire, ndipo mwana wanga ndi yemweyo, luso lake likadali lanthete.

Anakhumudwa, nsima ya masana anangoigwiragwira. Mtima unandipweteka, chifukwa laisensiyi anaivutikira. Anaphunzira kusukulu yoyendetsa, nakwanitsa maola 50 oyeserera amene Indiana imafuna, 10 mwa amenewo a usiku. Bambo ake atabwerako kuntchito anati apita nawo, akhale kutsogolo, iye ayendetse. Anatenga mnzake uja ku Niles, ndipo anabwerako dzuwa lisanalowe.

Madzulo ndinafotokoza nkhaniyi pagulu lathu la amayi pa WhatsApp. Mayi wina anati banja lake likupita ku New York mwezi wamawa, ndipo amati mtsikana wawo wa zaka 16 azikathandiza kuyendetsa. Ndinawapempha kuti ayambe awerenga malamulo a kumeneko, chifukwa ndi okhwima kwambiri. Mlendo wosakwana zaka 18 amayenera kutsata malamulo a kwawo ndi a New York omwe. Wosakwana zaka 16 saloledwa kugwira chiwongolero ngakhale ali ndi chilolezo cha kwawo, ndipo mumzinda weniweni wa New York ana a laisensi ya achinyamata, yotchedwa junior, sayendetsa n'komwe. Mayiwo anati akambirana ndi amuna awo usiku uno.