Fumbi la ku Kabwe

Lolemba ndinabaya zala za ana 14. Kamakina kathu kopimira mtovu m'magazi kamalekezera pa mamaikilogalamu 65 pa desilita ya magazi, kupitirira apo kamangolemba kuti "High". Ana atatu anafika pamenepo. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana akafika pa 5, tifufuze kumene mtovuwo ukuchokera. Kuno ku Kabwe, m'dziko la Zambia, palibe chofufuza. Mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 n'kutsekedwa mu 1994, koma chimulu cha zotsalira, chomwe anthu amachitcha Black Mountain, chidakalipo. Mphepo ya mu Ogasiti ino ikumwaza fumbi lake ku Kasanda, Makululu ndi Chowa.

Lachitatu ndinapita kunyumba kwa mmodzi wa ana atatu aja. Ali ndi zaka zitatu koma mawu sanayambe kutuluka bwino, chakudya akukana, m'mimba mumamupweteka. Mtovu suonetsa chilonda, umadya nzeru mwakachetechete. Ndinamupeza ali khale pa dothi, zala zili m'kamwa.

"Amayi, muzimusambitsa m'manja asanadye, m'nyumba muzikolopa osati kusesa, pabwalo muziwazapo madzi. Kapenta ndi masamba zisamasowe."

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandilozera chigubu. "A nesi, madzi ogula awa, ndiphikire kapena ndiwaze pansi?"

Funso limeneli landisautsa mlungu wonse. Malangizo athu onse amagwera pamutu pa mayi, pomwe iye sanakumbe mgodi ndipo sanadyepo phindu lake. Anthu a kuno anakasuma ku Johannesburg mu 2020 kuti kampani yomwe inali ndi gawo mu mgodiwu kalekale ilipire. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upite ngati wa gulu, iwo n'kuchita apilo. Ana amene anali kumsana pokasuma paja pano ali kusukulu.

Lachinayi ndinadutsa pafupi ndi chimulu chija, anyamata ali yakaliyakali kukumba zogulitsa. Sindiwadzudzula, kunyumba kukufunika ufa. Koma zovala zawozo madzulo zimakalowa m'nyumba momwe mukukwawa khanda.

Lachisanu kunabwera kamtsikana komwe tinakapatsa succimer, mankhwala ochotsa mtovu omwe timayamba mwana akafika pa 45. Kanamwa masiku onse 19, nambala inatsika, tinasangalala. Miyezi inayi yapita, kali pa 52. Ndinalemba m'kaundula, ndipo agogo ake anakabereka kubwerera nako ku Makululu.