Phulusa la ku Toba m'matope a nyanja yathu

Usiku wathawu ndagona tulo tabwino koyamba m'masabata atatu. Tephrochronology, njira yodziwira zaka za matope pogwiritsa ntchito phulusa la mapiri ophulika, yalowa m'mutu tsopano, ndipo yalowera pakhonde pa mayi kuno ku Chitakale.

Anzanga a chaka chachitatu, zoti matope amaunjikana pansi pa nyanja, akale pansi atsopano pamwamba, sindibwereza, tonse tinalemba mayeso ake. Pomwe ine ndinakakamira ndi apa: ndinkayesa kuti phulusa la phiri lophulika lili ngati wotchi, ukalipeza m'matope likuuza lokha zaka zake. Ndiye ndinkazunguzika kuti kachidutswa ka galasi ka m'phulusalo, kochepa kuposa mchenga, kangayezedwe zaka bwanji.

Dzulo kuphiri la Mulanje kunali moto wa lupsa. Mayi anali atachapa, zovala zili pachingwe, phulusa n'kuyamba kugwa pang'onopang'ono. Madzulo mayi aang'ono anaimba foni kuchokera ku Likhubula, akudandaula kuti nsalu zawo zada. Mayi anangoti, "Ndiye kuti nawenso unachapa lero, mng'ono wanga." Ndinasiya kudya. Mayi sanafunse nthawi, sanaone kalendala. Phulusa limodzi pa zingwe ziwiri linawakwanira.

Ntchito ya phulusa ndi imeneyo. Limati pano ndi uko ndi nthawi imodzi, basi. Zaka zimayezedwa pafupi ndi phirilo, pomwe phulusa ndi lochindikala ndipo lili ndi timiyala toyezeka ndi argon, mpweya womwe umaunjikana m'timiyalato zaka zikamapita. Kenako zaka zomwezo umazinyamula kupita nazo kulikonse kumene phulusalo linagwa, kaya m'nyanja, m'dambo, kaya m'madzi oundana a ku Greenland. Choti utsimikize n'chakuti ndi phulusa lomwelo, ndipo apa galasi limakhala ngati chidindo cha chala: kuchuluka kwa silica, chitsulo ndi potaziyamu kumasiyana phiri ndi phiri.

Chitsanzo chili pakhomo pomwe. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akale. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake analengeza kuti m'matopemo apezamo tizidutswa ta galasi tochokera ku Toba, ku Sumatra, phiri lomwe linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Mtunda wake ndi makilomita 7,000 kapena kuposa! Ndi maso sungaone mzere uliwonse, anachita kusefa matope n'kuwerenga tizidutswato pa maikulosikopu. Atatipeza, anatha kuika matope athu pambali pa zolembedwa za nyengo za ku India ndi kwina n'kunena kuti apa ndi nthawi imodzi. Ndipo pamalo amenewo sanapeze chizindikiro choti kuno kunazizira kwambiri, ngakhale ambiri ankati Toba anatsala pang'ono kumaliza anthu padziko.

Kunena zoona, kwa ine njira iyi ilibe inzake. Radiocarbon, njira yoyezera zaka ndi kaboni wa m'zotsalira za zamoyo, imathera cha pa zaka 50,000, ndiponso m'nyanja imasokonezedwa ndi kaboni wakale. Phulusa silikalamba choncho. Ndikanakhala wogawa ndalama za kafukufuku, ndikanati yambani kusaka phulusa, zinazo pambuyo.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti zonsezi tinaziphunzira mu ola limodzi, aphunzitsi akuthamangira kumaliza silabasi. Anatchula Sigurdur Thorarinsson wa ku Iceland yemwe anayambitsa dzina loti tephrochronology mu 1944, anatchula phulusa lotchedwa Vedde, lochokera ku Iceland komweko, la zaka pafupifupi 12,000, nthawi n'kutha. Za nyanja yathu sanakhudze. Za Rungwe, mapiri ophulika ali kumpoto kwa nyanjayi m'dziko la Tanzania, sanakhudzenso. Nditakweza dzanja anandiuza kuti ndikawerenge ndekha. Ndi bandulo yake iti? Pepala la Lane ndinaliwerenga pafoni pakati pa usiku. Mwa njira, ena m'kalasi mwathu mpaka pano amati Mulanje ndi phiri lophulika. Ayi, uwu ndi mwala womwe unazizirira pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, kukokoloka n'kuuvundukula, choncho phulusa la Sapitwa musalifune.

Komabe pali chomwe sichikundikhazika mtima pansi. M'mawa uno mayi asesa pabwalo, phulusa ladzulo lapita kudzala, mvula ikadzagwa lidzatsikira kumtsinje miyezi itadutsa. Ndiye tizidutswa ta Toba tija, tingati tinagwera m'nyanja mwachindunji, tingati tinabwera ndi mitsinje patapita zaka? Asayansi amati umatenga pomwe tizidutswato tachuluka koyamba. Chabwino. Koma kagawo kochepa ka matope kamatha kusunga zaka zambiri, ndiye ngati kunazizira zaka ziwiri kapena zitatu zokha, mbewu zakutchire n'kufota, anthu n'kuvutika, kodi matopewo angaonetse? Ndalemba funsoli kuchikuto kwa kope, ndikafunsanso sukulu ikatsegulira, mwina ulendo uno andimvera.